Mwendo Kapena Mpira

Lolemba m'mawa, kometera kwa Che Anusa ku M'baluku,
nsalu ili pakhosi, makina akulira kuseri kwa khutu,
mlandu wa Loweruka wayambiranso.
Woimbidwa mlandu ndine, koma palibe wondifunsa.

"Ukanamuthyola," akutero Che Anusa,
uku akukankha mutu wanga ngati ndiwo unalakwa.
"Nambala faifi sadya ulemu.
Mpira udutse, munthu atsale.
Khadi lachikasu n'chiyani? Kapepala.
Ngakhale lofiira, ukanangokasamba msanga,
ife mbuzi ya mpikisano tikanabwera nayo kuno
ikulira pa njinga."

Fundi Jafali wasiya makina ake pakhonde,
walowetsa mutu pawindo, ulusi uli pamlomo.
"Mwanayu anaganiza bwino, anangochedwa.
Akanaudumphira msanga mpira uja,
Twaibu anali yekhayekha kutsogolo,
goloboyi wawo atapita kokacheza pakati pa bwalo.
Kugwetsa munthu ngakhale ng'ombe imatha."

Atola zitsekerero za mabotolo,
aziyala pa benchi.
Ichi ndi Swaleyi, ichi ndi mpira,
chopindika, cha dzimbiri, ndine.
Akundikankha ndi chala, uyu kumanzere, uyu kumanja,
ndipo pa benchipo ndikufika nthawi yabwino
ulendo uliwonse.

Koma pabwalo panalibe benchi.
Panali fumbi m'mano, dzuwa pa liwombo,
mphindi ziwiri kuti wezulo ilire,
mpira uli m'mwamba, ukubwera mozungulira,
ndi Swaleyi akuthamanga maso ali kumwamba,
nthiti pamtunda, bondo lopanda mlonda.
Ndinaziwona zonse ziwiri.
Nthawi yosankha inali yongokwana kumeza malovu.

M'kamphindi komweko ndinamva phokoso la dzana,
la ku Namwera, chaka chija cha mvula yochedwa:
thyo! ngati nzimbe pa bondo la mwana.
Ochemerera anandinyamula tsiku limenelo,
anandigulira zakumwa, ananditcha Chipupa.
Mnyamata uja, Bwanali, lero amagulitsa mazira owiritsa pa depoti,
ndodo atayedzeka pa khoma,
ndipo ndiye amayamba kundipatsa moni.
Moni wakeyo ndi umene umandilemera.

Choncho ndinadumphira mpira.
Unangopsopsona tsitsi langa, n'kupitirira.
Zotsalazo mukuzidziwa,
ukonde unagwedezeka, ng'oma zathu zinakhala chete.
Tsitsi lomwelo ndi limene ndabwera kudzameta.

Magetsi azima.
Makina afera pakati pa mutu,
mbali ina chipala, mbali ina tchire.
"Ubwerenso madzulo," akutero Che Anusa osandiyang'ana,
chala chili pa chitsekerero chopindika chija.

Panja belu la kabaza likulira kawiri.
Ndi Swaleyi, thaulo lili pakhosi.
"Bwana otchinga, tipite?"
Ndakwera, chipewa ndakokera m'makutu.

Njira yonse ndikuyang'ana akatumba a miyendo yake,
uwu ukatsika, uwo ukwera,
miyendo yogula sopo, yolipira lendi,
yodyetsa khanda la masabata atatu
limene dzina lake sindinalifunse.
Za Loweruka palibe akuziyamba.

Pokwera mlatho wa Shire wayimirira pa mapedulo,
mpweya ukumuthera, ndipo akuti osacheuka:
"Ndinkadziwa kuti undigunda.
Ndinatsinzina."
"Nanga unagoletsa bwanji?"
"Kaya. Ndinangomva anthu akukuwa."

Taseka mpaka njinga yapepeluka,
galimoto ya matola yatiimbira hutala.

Pamsika ndatsika, ndamupatsa yapepala.
Sanandichotsereko ngakhale kwacha imodzi,
chenji wawerenga kawiri.

Loweruka likubwerali tili ndi a ku Malindi.
Ali ndi mnyamata wothamanga ngati mphepo ya mwera,
amene sindimudziwa dzina, kapena ntchito,
kapena amene amamudikira kunyumba.
Mpira udzakweranso m'mwamba.
Ndikufuna ndikuuzeni kuti ndikudziwa chimene ndidzachite.